Kalembedwe ndi kaonetsedwe ka sewero la mkazi amene ukwati ukumulanda ufulu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuonera masewero a magulu a achinyamata muno mu Lilongwe, m'maholo a matchalitchi ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25. Nkhani ya banja ikafika pa siteji imabwera mofanana nthawi zonse. Bambo amalowa akudzandira, botolo m'manja, malaya osapisira, akutukwana. Amamenya mkazi, anthu amaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako kumapeto apolisi kapena abusa amatulukira, bambo uja n'kugwada kulapa. Gulu lathu nalonso linachitapo sewero lotere. Tikutuluka ndinamva abambo awiri pakhomo akuuzana kuti, "Anthu enawa ndi oipadi, ife sitimenya." Zinandiwawa, chifukwa mmodzi mwa iwo ndinkamudziwa. Mkazi wake anasiya geni ya kaunjika ku msika wa Tsoka chaka chomwe anakwatiwa, ndipo ngakhale kumaliro a kwawo sapita asanaloledwe. Munthu amene tinkayenera kumusowetsa tulo anapita kwawo mtima uli m'malo.

Malangizo awa ndi a amene mukufuna kulemba sewero lokhudza bambo ngati ameneyu ndi mkazi wake, banja limene kunja anthu amalisirira.

Yambani ndi khutu

Musanagwire cholembera, pitani kumene amayi amayankhula momasuka: pamzere wa pa kiyosiki ya madzi ku Mtandire kapena ku Chinsapo, kuchigayo, mu saluni, pa banki mkhonde. Ngati ndinu mwamuna, tumani atsikana a m'gulu lanu, chifukwa inu mukangofika nkhani imasintha. Musakasake nkhani zoopsa. Tcherani khutu ku timawu timene timanenedwa mongodutsa, monga "ndikafunse kaye kunyumba", "abambo sakondwera nazo zoyendayenda", "foni ili ndi iwowo", "sabata ino sindisheya, sanandisiyire". Lembani timawu timeneti m'kope monga momwe tanenedwera. Sewero lanu lidzamangidwa pa timawu timeneti.

Munthu akakuuzani nkhani yake mwakuya, muuzeni chimene mukufuna kuchita nayo, ndipo musinthe dzina, dera, ntchito ya mwamuna ndi chiwerengero cha ana. Lilongwe amaoneka wamkulu, koma m'holo momwemo mukhoza kukhala mlamu wake.

Mupatseni mkazi chinthu chake, anthu achione

Oonera sangamve kuwawa kwa kulandidwa ngati sanaone chimene munthuyo anali nacho. Choncho gawo loyamba likhale la nthawi imene mkaziyu asanakwatiwe, kapena ali pa chibwenzi. Aoneke akuseka mokweza, akukangana ndi kasitomala pa mtengo, akugulira mng'ono wake yunifomu ndi ndalama za thukuta lake. Timutche Nabanda.

Kenako sankhani chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene chidzayende naye sewero lonse. Chikhoza kukhala buku la banki mkhonde, satifiketi ya MSCE, kapena yunifomu ya kwaya. Ine ndimakonda makina osokera, chifukwa amalira. Gawo loyamba likutsegulidwa, anthu amve kulira kwa makina magetsi asanayake n'komwe. M'gawo lachitatu makina ali pakona, ofunditsidwa nsalu. M'gawo lachisanu pamwamba pake paikidwa maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha tsiku la ukwati. Pambuyo pake abwerekedwa ndi mchemwali wa mwamuna, amene akuti adzabweza akakhazikika. Palibe mpangankhani amene ayenera kunena kuti "ufulu wanga watha". Holo ikakhala zii pamene kale pankamveka makina, anthu amamva okha.

Dziwani ukwati umene mukulemba

Apa olemba ambiri amathamangapo, ndiye sewero limaoneka ngati likuchitikira m'malere. Ukwati wa kumudzi ku Mitundu, ku Nsaru kapena ku Malingunde, kumene mwamuna wabwera chikamwini, uli ndi kayendedwe kake. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo amalume ake ali nyumba yachitatu kuchokera pakhomo. Mwamuna akayamba kulamula mopitirira, alipo womukumbutsa kuti ndi mkamwini. Komabe musaulembe ngati paradaiso, chifukwa kumeneko mawu omaliza pa munda kapena pa sukulu ya ana akhoza kukhala a amalume, mkazi mwini wake ali chete. Pa chitengwa zinthu zimatembenuka: mkazi ali pamudzi pa eni, munda akulima ndi wa eni. Ndipo ngati mwamuna ndi wa ku Mzimba kapena ku Rumphi ndipo analowola, mawu akuti "ndinapereka ng'ombe" akhoza kulowa m'kamwa mwa mpangankhani. Samalani kuti sewero lisasanduke bwalo loweruza mtundu wa anthu. Oonera a mu Lilongwe ndi osakanikirana, ndipo akangomva kuti mukunyoza kwawo amatseka makutu.

Ukwati umene ndikukulimbikitsani kuulemba ndi wa m'tauni, wa m'nyumba ya lendi ku Area 23 kapena ku Mchesi. Suli chikamwini, suli chitengwa chenicheni. Amalume ali kutali, ankhoswe amapezeka pafoni, ndipo landilodi amadziwa dzina la mwamuna yekha chifukwa ndi amene amalipira. Mtsikana amene kwawo akanakhala mwini nthaka, kuno alibe ngakhale khomo loti anene kuti ndi lake. Atsikana ambiri amene adzakhale m'holo yanu akukhala moyo umenewu kapena akuulowera.

Mwamuna akhale munthu woti anthu amukonde

Pa sitepe iyi khalanipo nthawi yaitali kuposa ena onse. Mwamuna wanu asamwe mowa, asamenye, asakhale ndi chibwenzi. Azipita kutchalitchi, azibwera ndi kanyama kapena tchipisi madzulo, azinyamula mwana. Amayi a m'holo aziti, "Koma Nabanda anapata." Zonse zimene adzalande azilanda ndi mawu achikondi, ndipo iye mwini azikhulupirira kuti akusamala banja lake. Taonani kagawo aka:

MWAMUNA: Ndaona nsalu pampando. Makasitomala abweranso?
NABANDA: Ndi amayi a kwaya aja. Akufuna mayunifomu 20 pofika mwezi wamawa.
MWAMUNA: Ndi msana umenewu? Dzulo lomweli mumadandaula.
NABANDA: Kunali kutopa chabe.
MWAMUNA: Akazi anga azitopa chifukwa cha ndalama za anthu? Anzanga aziti ine ndikulephera. Abwezereni nsalu zawo. Mukafuna kanthu muzinena, ine ndilipo.
(Nabanda akuyang'ana makina. Akumwetulira.)
NABANDA: Zikomo, bambo.

"Zikomo" ameneyo muyeserereni maulendo ambiri. Asamveke wokwiya kapena wonyoza. Nabanda akuthokoza moona, chifukwa naye anakula akumva kuti mkazi wosamalidwa ndi amene sagwira ntchito.

Mupatseninso mwamunayu mantha ake. Mwina ntchito yake ku Kanengo ndi yongogwirizira, ndipo mwezi umene mkazi anapeza ndalama zoposa zake sanagone. Mwina bambo ake anali mkamwini amene anathamangitsidwa ndi kachikwama kokha mayi ake atamwalira, ndipo iye analumbira kuti zimenezo sizidzamuchitikira. Lembani gawo limodzi la iye ndi anzake pa bawo kapena poonera mpira, akumuseka kuti anadyetsedwa mankhwala. Zimenezi sizikumuyeretsa ayi. Zikuchititsa kuti bambo amene wakhala m'holo alephere kunena kuti "ameneyo si ine".

Sanjani kulandako pang'onopang'ono

Tengani timawu ta m'kope lanu lija n'kutisanja kuyambira kakang'ono. Lamulo limene ine ndimatsata ndi ili: chilichonse chimene mwamuna walanda chikhale chaching'ono moti Nabanda atakachitula kwa ankhoswe akhoza kusekedwa. Lero wasiya kusoka. Mawa mnzake wa kuubwana, amene sali pabanja, wanenedwa kuti ndi wosokoneza, asamabwerenso. Kenako mwamuna wapempha PIN ya Airtel Money "kuti tizidziwa mmene ndalama zikuyendera". Kenako kwaya yayamba kumatha mochedwa, ndi bwino kupuma kaye. Kenako ndalama ya ndiwo ikusiyidwa patebulo yowerengeka ndendende, ya tomato, ya makala, ya bonya, ndipo chenji chikufunsidwa. Magawo asanu kapena asanu ndi limodzi akwana pa sewero la ola limodzi.

Chichewa chili ndi chida chimene olemba masewero sitichigwiritsa ntchito mokwanira: kusiyana kwa "inu" ndi "iwe". M'kagawo kapitako mwamuna akunena "inu". Tsopano mverani gawo la kutsogolo:

NABANDA: Ndimati ndipemphe ya thiransipoti, bambo. Amayi akudwala ku Mitundu.
MWAMUNA: Ya sabata yatha ija unatani nayo?

Palibe amene wakweza mawu, koma holo yonse imamva kuti chinachake chagwa. Nabanda akupitirizabe kunena "inu" mpaka kumapeto. Ngati mukufuna kuti tsiku lina anene "iwe", musungeni "iwe" ameneyo ngati mbewu, mumutulutse kamodzi kokha.

Chitani chimodzimodzi ndi dzina lake. M'gawo loyamba aliyense akumutchula dzina. Atakwatiwa akhala "mayi a kunyumba", atabereka akhala "amake mwana", kutchalitchi akuitanidwa ndi dzina la mwamuna. Maina amenewa ndi aulemu, ndipo iye amawanyadira. Koma chakumapeto bweretsani munthu wa kale, mphunzitsi wake kapena kasitomala, amuitane dzina lake lenileni pamsika, iye achedwe kutembenuka.

Thupi nalo liyankhule. Poyamba aziyenda pakati pa siteji, manja akuuluka. Magawo akamapita azifupikira kukhoma, kufupi ndi mbaula, mawu azitsika.

Anthu ozungulira banja

Mwamuna yekha sangathe kumanga mpanda wonsewu. Akuthandizidwa ndi anthu amene amamukonda Nabanda. Lembani gawo la chilangizo, amayi atakhala pa mphasa, akumuuza kuti banja ndi kupirira, mwamuna ndi mwana, za m'nyumba saulula. Alangizi amenewa musawachite mfiti. Mmodzi mwa iwo apatseni kamphindi koti aulule, mwina ndi diso lokha kapena ndi mawu oduka pakati, kuti naye anasiya china chake zaka 30 zapitazo. Mayi ake a Nabanda akhale ndi chifukwa chomveka chomubwezera kubanja: kumudzi kulibe feteleza, mkamwiniyo ndi amene amatumiza. Pa gawo la ankhoswe, mlandu uthe mwamtendere, aliyense agwirane chanza, nkhoswe ya kuchikazi ifunse kuti, "Kodi amakumenyani? Amakumanani chakudya?" Nabanda ayankhe kuti ayi, ndipo asowe mawu ena. Gawo limeneli likachitidwa bwino limapweteka kuposa ndewu iliyonse.

Chenjezo limodzi: za kutsimba ndi zinsinsi za anamkungwi zisiyeni. Simukuzifuna, ndipo mukaziika mudzakangana ndi akuluakulu pa nkhani imene si yanu.

Malamulo muwatchule molondola

Ngati mpangankhani wina adzatchule lamulo, atchule zoona. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha. Limawerengeranso nkhanza za pa chuma ndi za m'maganizo, ndipo khoti likhoza kupereka chikalata choteteza wozunzidwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Lamulo la maukwatili limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, komanso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali ngati banja. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu. Gawo 24 la malamulo aakulu limapatsa mkazi ufulu wokhala ndi katundu wake, ali pabanja kapena ayi.

Musalembe mpangankhani wovala suti amene ntchito yake ndi kuima kutsogolo n'kuwerenga zonsezi. Anthu amayamba kuyang'ana mafoni. Mfundo imodzi yokha, yotuluka m'kamwa mwa mnzake wa ku banki mkhonde pamene akusenda mbatata, imakhala m'mutu.

Mathero

Kulapa kwadzidzidzi kukaneni. Mwamuna amene wakhala zaka zisanu akukhulupirira kuti akuchita bwino sasintha chifukwa cha ulaliki wa mphindi zitatu, ndipo amayi a m'holo amadziwa zimenezo. Imfa nayonso ipeweni, chifukwa Nabanda akamwalira anthu amalira n'kuiwala. Ena amakonda kuti atenge chikwama atuluke, chitseko chimenyedwe. Ngati mwasankha zimenezi, yankhani kaye funso limene mayi aliyense adzafunse: akupita kuti, ndi ana awiri, wopanda ya minibasi?

Mathero amene ine ndaona akugwira mtima ndi a chinthu chaching'ono chimene mkazi wachita osapempha. Wapita yekha kwa mlamu wake, wanyamula makina pa kabaza, wawaika pakati pa nyumba. Mwamuna akulowa, wapeza makina akulira. Akuyang'anana. Magetsi azime pomwepo.

Pali njira inanso, imene a Chancellor College Travelling Theatre ndi magulu a zisudzo za chitukuko anaizoloweretsa m'midzi: kuimitsa sewero pachimake n'kufunsa oonera. Mukaigwiritsa ntchito, wofunsa akhale munthu wodekha amene sathamangira kupereka yankho. Afunse kuti, "Bamboyu walakwa pati?" ndipo adikire. Mudzamva abambo ena akuti sanalakwe paliponse. Musawadule. Amayi adzawayankha okha, ndipo kukambirana kumeneko ndi gawo la sewero lanu.

Kuyeserera

Akazi a m'gulu akhale ndi mawu pa zolembazo. Mukawerenga koyamba, afunseni pamene Nabanda wanena zimene mkazi sanganene, ndipo mufufute popanda kukangana. Zisudzo za m'Malawi zinatsogozedwapo ndi mkazi: katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira anatsogolera gulu la malemuyo la Wakhumbata, kenako anayambitsa gulu lake la Wanna Do, akulemba ndi kutsogolera yekha. Mtsikana wa m'gulu lanu amene amangopatsidwa gawo la wantchito wa m'nyumba mwina ndiye woyenera kulemba gawo la chilangizo.

Konzekerani kuti nkhani ya seweroli idzakupezani pa kuyeserera pomwepo. Ife tinataya mtsikana waluso kwambiri, amene ankasewera mkazi, patatsala milungu itatu, chifukwa atangochita chinkhoswe bwenzi lake linati zisudzo si za mkazi wotomeredwa. Mpaka lero ndimaganiza za iye ndikamalemba. Choncho yesererani masana, muzimaliza dzuwa lisanalowe, muike padera ya thiransipoti ya atsikana ochokera kutali monga ku Kauma kapena ku Likuni, ndipo gawo la Nabanda aliphunzire anthu awiri.

Za kuseka. Oonera athu anakula ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo ndi masewero a pa MBC, ndipo amabwera akuyembekezera kuseka. Apatseni kuseka m'magawo oyamba, pamsika, pa bawo, pa perekaniperekani wa tsiku la ukwati. Koma wosewera mwamuna muletseni kusaka kuseka pa magawo olanda. Akangokweza nsidze kapena kuyang'ana anthu kuti amuwombere m'manja, gawo lonse lafa. Itanani amayi atatu kapena anayi apabanja adzaonere kuyeserera komaliza, ndipo muziyang'ana nkhope zawo m'malo moyang'ana siteji. Pamene aweramitsa mutu, pamenepo mwalasa. Pamene akunong'onezana n'kuseka pa gawo loti liwawe, bwererani mukakonzenso.

Tsiku loonetsa

Sewero loonetsedwa pagulu limafuna chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika zisudzo ndi makanema, choncho funsani ndondomeko yake nthawi ikadalipo. Holo ya tchalitchi kapena ya sukulu ndi yokwanira, ndipo katundu wa pa siteji asachuluke: tebulo, mipando iwiri, mphasa, mbaula ndi makina. Magetsi akhoza kuzima, ndiye khalani ndi nyali zotchaja, ndipo makina akhale opalasa ndi phazi. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, ndi nthawi imene mabungwe ndi mipingo imafuna masewero otere, koma mvula imakhala itayamba, ndipo padenga la malata mawu otsika a Nabanda sadzamveka ngati mulibe maikolofoni. Loweruka la m'chilimwe masana ndi labwino kwambiri. Polengeza musalembe kuti ndi sewero la nkhanza kwa amayi, chifukwa abambo amene mukuwafuna sabwera. Lembani kuti ndi sewero la banja, ndipo mtengo wapakhomo ukhale wotsika kwa anthu obwera awiriawiri.

Sewero likatha, wosewera Nabanda asathamangire kukavula. Kawirikawiri pamakhala mayi amene amatsalira kumbuyo, akukonza chitenje chimene chili kale bwino, akudikira kuti anthu achepe. Pakhale mayi wamkulu wa m'gulu lanu pafupi, amene akudziwa kumene kuli ofesi ya polisi ya dera limenelo yothandiza ozunzidwa (Victim Support Unit) ndi ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu (Legal Aid Bureau). Amutengere pambali, kutali ndi khomo limene mwamuna wake waima, amvetsere kaye mpaka amalize, ndipo asamupatse pepala lililonse loti akapezeke nalo kunyumba pokhapokha mwini wake atalipempha.